Thumba la ambulansi lauma: khonsolo imazipeza kuti ndalama, nanga zikatha imatani?

"Zikomo akatswiri. Khonsolo ya dera lathu yalengeza kuti ndalama zoyendetsera maambulansi zatha chaka cha zachuma chisanathe. Akuti asankha chimodzi mwa ziwiri: kuika msonkho wapadera kapena kuimitsa ambulansi imodzi yomwe imagwira ntchito usiku. Ine misonkho ndimalipira kale, komanso mlongo wanga atanyamulidwa chaka chatha anamutumizira bilu. Ndiye ndalama zonsezi zimalowera kuti? Amuna anga ali ndi vuto la mtima, moti nkhaniyi ikundisowetsa tulo. Posachedwa kukhala msonkhano wa anthu onse, ndipo ndikufuna ndikalankhule zomveka." (Mayi wina wowerenga)

Zikomo amayi, ndipo pepani chifukwa cha matenda a bambowo. Mtima ukhale m'malo kaye. Khonsolo ikalengeza kuti thumba lauma sindiye kuti mawa mukaimba foni palibe amene abwere. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito yokonza ndi kulondoloza bajeti za makhonsolo, ndaona kuti chilengezo chotere chimatuluka padakali miyezi ingapo yokonzera zinthu, ndipo nthawi zina chimatulutsidwa dala kuti anthu adzidzimuke n'kubwera kumsonkhano. Komanso kuperewera kwa ndalama pakokha si umboni wakuti wina waba. Kuba kumachitika ndithu, ndipo kufunsa ndi ufulu wanu, koma ntchito ya ambulansi imatha kulowa m'dzenje ngakhale aliyense ali wokhulupirika. Chifukwa chake chili m'mene ntchitoyo inapangidwira.

Anthu ambiri akamva za mtengo wa ambulansi amaganiza za ulendo: mafuta, dalaivala, makilomita ochoka pakhomo kukafika kuchipatala. Zimenezo ndi kachigawo kakang'ono chabe. Chomwe chimadya ndalama ndi kudikira. Tsoka silinunkha, ndiye ambulansi iyenera kukhala yokonzeka usana ndi usiku, kaya wina adwala kaya ayi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Sabata ili ndi maola 168. Ambulansi imodzi imafuna anthu awiri nthawi zonse, ndiye ndi maola 336 a ntchito pa sabata. Ngati munthu mmodzi amagwira maola 40, mukufunika anthu oposa 8, ndipo mukaphatikiza tchuthi, matenda ndi masiku a maphunziro, mufika pa 10 kapena kuyandikira pamenepo. Anthu 10 pa galimoto imodzi yokha. Onsewa amalandira malipiro ngakhale usiku umene foni sinalire n'kamodzi komwe, ndipo m'madera momwe ogwira ntchito ndi olembedwa, malipiro ndiwo amatenga gawo lalikulu kwambiri la bajeti.

Kumbuyo kwa galimotoyo kulinso zina zomwe inu simuziona: chipinda cholandirira mafoni chomwe nacho sichigona, mawailesi olumikizirana, mpweya wa okosijeni, makina odzutsira mtima, mankhwala omwe amatha mphamvu n'kutayidwa osagwiritsidwa ntchito, inshuwalansi, ndi galimoto ina yapadera yolowa m'malo pamene inzake ili kugalaja.

Tsono taganizirani maambulansi awiri, mwachitsanzo chabe. Ina ili mumzinda ndipo imayenda maulendo 12 pa tsiku, ina ili kudera lakutali ndipo imayenda awiri. Mtengo wozisunga zili zokonzeka ndi wofanana. Koma ya mumzinda imagawa mtengowo pa odwala 12, pamene inzakeyo imaugawa pa awiri okha, ndipo maulendo ake ndi aatali. N'chifukwa chake madera okhala anthu ochepa ndiwo amayamba kulira, padziko lonse. Ndipo n'chifukwa chakenso bilu ya mlongo wanu, ngakhale inaoneka yaikulu, mwina sinafike n'komwe pa ndalama zomwe zinaonongeka kuti ambulansiyo ipezeke pa ola lomwe iye anaifuna.

Nanga ndalama zimachokera kuti? Gwero loyamba ndi thumba lalikulu la khonsolo, momwe mumalowa misonkho ya nyumba, malo ndi malonda. Ku Japan maambulansi amayendetsedwa ndi nthambi zozimitsa moto za maboma aang'ono, ndipo woimba 119, nambala yawo ya zangozi, salipira ulendowo. Vuto la thumba lalikulu ndi lakuti m'mbale imeneyo mumapisa manja ambiri: misewu, zinyalala, madzi, magetsi a mumsewu. Msewu watsopano umaoneka ndipo khansala angathe kuuloza pa nthawi ya chisankho, koma ambulansi yomwe inangodikira usiku wonse palibe amaiimbira m'manja. Msonkho womwe mukuti mumalipira kale ulowa m'mbale imeneyi, ndipo gawo lomwe limafika ku ambulansi limasankhidwa chaka ndi chaka. Kwina boma lalikulu ndilo limasenza katunduyu, monga ku England komwe maambulansi ali pansi pa NHS, bungwe la boma loona za umoyo, ndipo amalipiridwa ndi misonkho ya dziko lonse. Kwinanso boma lalikulu limangotumiza gawo ku makhonsolo, ndipo ndalama zoterozo zimakonda kufika mochedwa, kapena zimabwera zitamangidwa kale kuti ndi zogulira galimoto basi, osati zamafuta.

Gwero lachiwiri ndi mabilu, kaya alipire wodwala kaya inshuwalansi yake. Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene makhonsolo ambiri amadzinamiza. Dziko la United States ndi chitsanzo chabwino cha momwe zimathera. M'zaka za m'ma 1960 maambulansi ambiri kumeneko ankayendetsedwa ndi makampani okonza maliro, poti ndiwo anali ndi magalimoto omwe munthu angagonemo. Lipoti la mu 1966 la bungwe la akatswiri a sayansi la National Academy of Sciences litaulula kuipa kwa zinthu, boma lalikulu linakhazikitsa lamulo mu 1973 lopereka ndalama zomangira ntchito ya chithandizo changozi. Mu 1981 ndalamazo zinaphatikizidwa ndi zina n'kuperekedwa ku maboma a zigawo kuti aziona okha pozigwiritsa ntchito, ndipo ambiri anazipititsa kwina. Kuyambira pamenepo maambulansi ambiri akhala akudalira mabilu. Koma Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, kawirikawiri imalipira pokhapokha wodwala akanyamulidwa, ndipo imalipira mtengo wake woikiratu, osati womwe walembedwa pa bilu. Ogwira ntchito akafika pakhomo, n'kuthandiza munthu wa shuga mpaka atsitsimuke osafunikanso kupita kuchipatala, agwira ntchito yabwino koma thumba silipeza kanthu. Ena omwe anyamulidwa alibe inshuwalansi ndipo sangathe kulipira. Choncho ndalama zolembedwa pa mabilu ndi zina, zolowa m'thumba ndi zina, ndipo kusiyana kwake kumakhala kwakukulu. Ndaonapo bajeti zingapo zomwe zinamangidwa pa nambala yoyambayo. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu wa chaka, dzenje linali litaonekera.

Sikuti mabilu sangagwire ntchito. Ku Germany maboma aang'ono ndiwo ali ndi udindo woonetsetsa kuti ambulansi ilipo, ndipo nthawi zambiri amapereka ntchitoyo kwa ozimitsa moto kapena mabungwe monga Red Cross, Malteser ndi Johanniter. Mitengo imakambidwa ndi mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo poyang'ana zomwe ntchito yonse imadya, kudikira komwe, ndipo wodwala wa inshuwalansi ya boma amangowonjezerapo ndalama zosaposa mayuro 10. Zimatheka chifukwa pafupifupi aliyense ali ndi inshuwalansi. Kumene anthu ambiri alibe, bilu imasanduka pepala chabe, kapena choipa kwambiri, imaopseza odwala kuti asaimbe foni.

Gwero lachitatu ndi lomwe khonsolo yanu ikulingalira, msonkho wapadera. M'chigawo cha Washington ku United States, lamulo limalola kuti anthu avotere msonkho wa chithandizo changozi wosaposa masenti 50 pa madola 1,000 alionse a mtengo wa nyumba kapena malo. Mwini nyumba ya madola 300,000 sangalipire zoposa madola 150 pa chaka. Ntchito yotchuka ya chithandizo changozi ya Medic One, yomwe inayamba mumzinda wa Seattle mu 1970, imayendera msonkho wotere m'dera la King County, ndipo pakapita zaka zingapo anthu amavotanso kuti upitirire. Ku Queensland m'dziko la Australia anayesa njira ina: mu 2003 anaika ndalama ya ambulansi pa bilu ya magetsi, kenako mu 2011 anaichotsa, boma la chigawocho n'kuyamba kulipira kuchokera m'thumba lake lalikulu. Ubwino wa msonkho wapadera ndi wakuti umalipira kudikira kuja mwachindunji, ndipo aliyense amene angadzafune ambulansi tsiku lina amasonkhapo. Kuipa kwake kulipo kuwiri. Umatha kulemera pa okalamba omwe ali ndi nyumba koma alibe ndalama zolowa. Kwinaku, ndipo ichi ndi chomwe ndimachiopa kwambiri, khonsolo ikayamba kulandira msonkho watsopano imatha kuchotsa mwakachetechete ndalama zomwe inkapereka kale kuchokera m'thumba lalikulu. Anthu alipira zambiri, ambulansi ili pomwe inali.

Pali tina ting'onoting'ono towonjezera. M'chigawo cha Victoria, ku Australia komweko, mabanja amatha kulipira umembala wa pachaka kuti akadzanyamulidwa asadzalandire bilu. Madera ambiri akumidzi amadalira anthu ongodzipereka, omwe kwa zaka zambiri akhala akubisa mtengo weniweni wa ntchitoyi, chifukwa maola 336 aja ankawagwira ulele. Akakalamba, achinyamata osalowa m'malo, khonsolo imadzidzimuka ndi malipiro omwe sinawaonepo m'bajeti yake. Ndiye palinso mphatso. Boma kapena bungwe likafuna kuthandiza limakonda kupereka magalimoto, monga Ghana inagawira maambulansi 307 mu 2020 kuti dera la phungu aliyense likhale ndi yake. Galimoto ndi yofunika, koma walira mvula walira matope. Khonsolo ina yomwe ndinaithandizapo inalandira maambulansi atsopano, kunali chisangalalo ndi zithunzi. Palibe anafunsa za matayala, madalaivala owonjezera ndi zipangizo zosinthira, zomwe zinkachita kuitanitsidwa kunja. Nditabwererako patapita zaka zochepa ndinapeza ina itakwezedwa pa miyala kuseri kwa ofesi, akuichotsa zitsulo kuti akonzere inzake.

Kuti thumba liume pakati pa chaka, kawirikawiri pamakhala zinthu zingapo zomwe zakumana. Mafuta akwera bajeti itadutsa kale. Ogwira ntchito ena asiya, otsalawo akugwira maola owonjezera omwe malipiro ake ndi okwera. Chipatala chadzaza, ndiye ambulansi ikuima pakhomo pake maola angapo kudikira kuti wodwala alandiridwe, ndipo kuti dera lisakhale lopanda kanthu pakufunika kutulutsa ina. Maulendo osamutsa odwala kuchoka chipatala china kupita china achuluka, ndipo palibe anagwirizana kuti alipira ndani. Enanso amaitana ambulansi pa matenda omwe akanatha kupita okha. Vuto lomalizali lavutitsa ngakhale Japan, moti mu 2024 zipatala zikuluzikulu za mumzinda wa Matsusaka zinayamba kulipiritsa mayeni 7,700 kwa ena obwera pa ambulansi omwe sanagonekedwe. Ine njira imeneyo ndimaiyang'ana mokayikira, chifukwa munthu womva kupweteka pachifuwa sangadziwe yekha ngati agonekedwa.

Dzenje likaoneka, chinthu choyamba chomwe mkulu wa zachuma amachita ndi kutapa m'ndalama zosungira tsiku la mavuto, kapena kupempha makhansala kuti asamutse ndalama kuchokera ku ntchito ina. Zimenezi ndi zololedwa ndipo zimathandiza, koma ndi za kamodzi. Ngati dzenje linabwera ndi chinthu chongochitika chaka chino, basi latsekeka. Ngati limabwera chifukwa chakuti ntchitoyo imadya zambiri kuposa zomwe zimalowa, chaka chamawa lidzatsegukanso, nkhokwe ilibe kanthu. Kenako pamabwera njira zomwe sizilengezedwa: kuchedwetsa kugula galimoto yatsopano, kudumphitsa masiku okonzetsa, kusalemba anthu m'malo mwa omwe asiya, kuchedwa kulipira ogulitsa mafuta. Papepala bajeti imaoneka yolongosoka, koma ngongoleyo yangosamukira m'tsogolo, ndipo imadzabwera ngati galimoto yofera pamsewu wodwala ali m'kati. Kubwereka ndalama kogulira galimoto yomwe igwire ntchito zaka zingapo kuli ndi nzeru zake. Kubwereka kolipirira malipiro a mwezi uno ndi chizindikiro choopsa.

Njira zomwe ndaona zikuchiza, osati kungoziziritsa, ndi zosasangalatsa kumva. Makhonsolo oyandikana akaphatikiza chipinda cholandirira mafoni, galaja ndi kagulidwe ka zipangizo, amapulumutsa ndalama zooneka, ngakhale makhansala sakonda kugawana ulamuliro. Kulongosola katoleredwe ka ndalama kuchokera ku makampani a inshuwalansi kumabweza ndalama zomwe zinkangotayika chifukwa cha mafomu olembedwa molakwika. Kugwirizana ndi zipatala kuti zizilipira maulendo osamutsa odwala kumachotsa katundu wina. Kupereka ntchito ku kampani kapena bungwe kungathandize, monga ntchito ya maambulansi oitanidwa pa nambala 108 ku India, yomwe inayamba mu 2005 ku Andhra Pradesh, mabungwe akuyendetsa ndipo maboma a zigawo akulipira. Koma kontirakiti simafafaniza mtengo wa kudikira. Kampani ikaona kuti dera silikubweza ndalama imapempha zowonjezera kapena imachoka, ndipo khonsolo yomwe inagulitsa kale magalimoto ake imatsala manja ali m'khosi.

Tsono pa ziwiri zomwe mwapatsidwazo, maganizo anga ndi awa. Kuimitsa ambulansi ya usiku kumaoneka kwanzeru papepala chifukwa usiku maulendo amachepa. Koma munthu amene mtima wake waima, mwayi wake wopulumuka umatsika mphindi iliyonse yomwe ikudutsa, ndipo ambulansi yotsalayo ikakhala kuti yapita kale kwina, wachiwiri woimba foni ayenera kudikira yochokera kutali. Pakati pa zimenezo ndi msonkho wokonzedwa bwino, ine ndingasankhe msonkho. Ndikuti wokonzedwa bwino: ndalama zake zikhale m'thumba lakelake lomwe silingakhudzidwe pa ntchito zina, khonsolo ilonjeze polemba kuti gawo lomwe inkapereka kale silichotsedwa, pakhale chaka choti msonkhowo udzaunikidwenso, osauka ndi okalamba apeputsidwe, ndipo gawo lina lizisungidwa chaka chilichonse logulira galimoto yolowa m'malo. Komanso musavomere msanga kuti njira ndi ziwiri zokha. Nthawi zambiri njira ziwiri zimaikidwa pamaso pa anthu chifukwa yachitatu ndi yovuta kwa oyendetsa zinthu.

Kumsonkhanoko musayambe ndi kunena kuti ndalama zabedwa, chifukwa akuluakulu amangodzitchinjiriza ndipo zokambirana zimathera pomwepo. Funsani kuti dzenjeli ndi la ndalama zingati, ndipo linaonekapo zaka zingati m'mbuyomu. Funsani kuti pa ndalama zomwe analemba pa mabilu chaka chatha, zomwe zinalowadi ndi zingati. Funsani kuti ambulansi ya usiku ikaima, kudera lakutali kwambiri azifikako patapita mphindi zingati poyerekeza ndi lero, ndipo apereke nambala, osati mawu akuti sizisintha kwenikweni. Funsaninso ngati analankhulapo ndi makhonsolo oyandikana nawo ndi zipatala. Safunsa anadya phula, amayi, ndipo mafunso anayiwa amasiyanitsa khonsolo yomwe yachita homuweki yake ndi yomwe ikungofuna ndalama. Bajeti ndi lipoti la owerengera ndalama za khonsolo m'maiko ambiri ndi zikalata zomwe nzika ili ndi ufulu woziona, ndiye zipempheni msonkhano usanafike. Mukakanizidwa popanda chifukwa, kapena manambala akamasintha nthawi iliyonse yomwe mwafunsa, pitani kwa khansala wanu, ndipo zikakanika, ku ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma kapena yolandira madandaulo a anthu. Za bilu ya mlongo wanu, ngati sanamalize kulipira, apemphe kuti amulembere mwatsatanetsatane chomwe akulipira, ndipo afunse ngati pali ndondomeko yochepetsera kapena yolipira pang'onopang'ono. Malo ambiri ali nayo koma saiulutsa.

Za bambo kunyumbako, musadikire zotsatira za msonkhano. Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala, funsani dokotala wawo kuti ndi zizindikiro ziti zomwe zikutanthauza kuitana ambulansi nthawi yomweyo, komanso chomwe mungachite podikira. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa komwe sikukusiya, makamaka kukamafalikira kumkono, kukhosi kapena kuchibwano, kubanika, thukuta lozizira, kukomoka: zimenezi si zoyamba mwawerengera mtengo. Imbani, za bilu mudzakambirana bambo ali moyo. Lembani papepala mankhwala omwe akumwa ndipo muliike poonekera, nambala ya zangozi muisunge m'foni ya aliyense wa m'nyumba, ndipo mugwirizane ndi mnansi mmodzi kapena awiri omwe ali ndi galimoto kuti ngati wolandira foni atakuuzani kuti ambulansi ili kutali, mudziwe khomo logogoda. Ngati kwanuko kuli maphunziro a chithandizo choyamba, monga omwe a Red Cross amaphunzitsa m'maiko ambiri, kalembetseni inu ndi mwana wamkulu, muphunzire kupsinya pachifuwa munthu amene mtima wake waima. Amatenga maola ochepa chabe.